Chikomekome cha Mkuyu, M'kati Muli Nyerere

Akuluakulu akamati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, kawirikawiri amakhala akulangiza mnyamata amene watengeka ndi nkhope ya mtsikana yemwe wangomuona pamsika, kapena mtsikana amene wakomedwa ndi suti ndi mawu ozuna a mlendo. Ambiri timaumva mwambiwu ngati chiletso, ngati ukutiuza kuti chokongola chilichonse tichithawe. Koma amene anakulira pafupi ndi mkuyu akudziwa kuti nkhuyu sizithawidwa. Mwana akatola yakupsa pansi pa mtengo saiponya m'kamwa yathunthu. Amaing'amba pakati ndi zala, kusuzumira m'kati, kuuzira kuti tizilombo tichoke, kenako n'kudya. Ikakhala yoola amaitaya n'kutola ina. Amene anayamba kunena mwambiwu anali atang'ambapo nkhuyu, chifukwa akanapanda kuona m'kati sakanadziwa za nyererezo. Kwa ine phunziro lake lagona pamenepo: usadye chimene sukuloledwa kuchiona m'kati.

Masiku ano chimene timameza m'mawa ndi madzulo osachiona m'kati chili m'thumba mwathu. Pafoni timauzana za matenda, za ngongole, za mikangano ya m'banja, timatumizirana zithunzi za ana ndi manambala a ku banki, timanena mawu amene sitingayerekeze kuwatulutsa m'minibasi. Pulogalamu imene imanyamula zonsezi ndi yooneka bwino, yosavuta, ndipo eni ake satilipiritsa. Amatiuza kuti zathu n'zotetezedwa, ndipo mwina akunena zoona. Vuto n'loti m'mapulogalamu otchuka kwambiri, monga WhatsApp ndi Messenger a kampani ya Meta, malangizo amene amayendetsa pulogalamuyo, omwe akatswiri amati code, amasungidwa ndi kampani yokhayo. Wakunja sapatsidwa kuti awerenge. Chimene tatsala nacho ndi kukhulupirira mawu a wogulitsa.

Pali ena amene anasankha njira ina. Signal, Element ndi Briar amaika code yawo poyera pa intaneti kuti aliyense wodziwa kuwerenga aiwerenge, aifufuze, akapeza cholakwa alengeze. Threema ya ku Switzerland inachitanso chimodzimodzi ndi pulogalamu yake ya pafoni mu December 2020. Kachitidwe kameneka ndi kamene kamatchedwa open source. Kukoma kwake sikuli pa maonekedwe, chifukwa ukatsegula Signal upeza zomwezo unazolowera: mauthenga, mavoisi noti, kuimbirana, magulupu. Kusiyana kwake n'koti ukamufunsa mwini wake kuti m'katimu muli chiyani, sakuyankha ndi lonjezo. Amakuuza kuti ona wekha.

Ndisawanamizire a WhatsApp. Kuyambira mu April 2016 mauthenga awo amakhomedwa kuchokera pafoni ya wotumiza mpaka pafoni ya wolandira, moti ngakhale makompyuta a kampani amene uthengawo umadutsamo sangathe kuuwerenga, chifukwa makiyi ake amakhala m'mafoni awiriwo basi. Ndipo njira yokhomera imene amagwiritsa ntchito anaitenga kwa anthu a Signal omwewo, gulu limene ankatsogolera Moxie Marlinspike. Nanga bwanji munthu achoke ku WhatsApp kupita ku Signal ngati loko wake ndi mmodzi? Chifukwa uthenga si mawu okha amene ali m'kati mwake. Pali zozungulira uthengawo: walankhula ndi ndani, nthawi yanji, kangati pa sabata, ali kuti, foni yake ndi yotani, m'foni mwake muli manambala a ndani. Munthu amene akudziwa kuti mayi wina waimbira chipatala, kenako mchemwali wake, kenako loya, usiku umodzi womwewo, wadziwa kale zambiri asanamve ndi liwu limodzi lomwe. Kampani imene imapeza ndalama zake potsatsa malonda ili ndi chifukwa chosonkhanitsira zoterezi. Bungwe limene silitsatsa malonda lilibe.

Mbiri ya WhatsApp yomwe imaonetsa mmene lonjezo limafookera likasintha mwini. Jan Koum ndi Brian Acton anaiyambitsa mu 2009, ndipo ankadana kwambiri ndi zotsatsa malonda. Mu 2014 Facebook, yomwe masiku ano ndi Meta, inaigula pa mtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni. Pa nthawiyo Facebook inauza akuluakulu a bungwe la European Union kuti singathe kulumikiza mosavuta maakaunti a anthu a WhatsApp ndi a Facebook. Mu 2016 inayamba kulumikiza manambala a foni, ndipo mu May 2017 bungwelo linailipiritsa chindapusa cha mayuro 110 miliyoni chifukwa chopereka uthenga wosocheretsa. Acton anachoka m'chaka chomwecho. Mu February 2018 anaika madola 50 miliyoni a m'thumba mwake poyambitsa Signal Foundation pamodzi ndi Marlinspike, bungwe losachita phindu. Munthu amene anamanga WhatsApp ndi manja ake ndi amene anapereka ndalama zoti pakhale ina yoti singagulidwe mmene inagulidwira yake. Ine mfundo imeneyi imandilemera kuposa zonse zimene otsatsa anganene.

Anthu wamba anadzidzimuka mochedwa, mu January 2021. WhatsApp inatumiza uthenga pamafoni wouza anthu kuti avomereze malamulo atsopano pofika pa 8 February, apo ayi asiye kuigwiritsa ntchito. Kunena zoona, zosinthazo zinkakhudza kwambiri mauthenga opita ku mabizinesi, ndipo kugawana zinthu ndi Facebook kunali kutayamba kale zaka zingapo m'mbuyomo. Koma anthu sanakonde kuuzidwa kuti vomera kapena choka. Pa 7 January Elon Musk analemba pa Twitter kulimbikitsa anthu kugwiritsa ntchito Signal, ndipo khamu limene linakhamukirako linali lalikulu moti pa 15 January makompyuta a Signal analephera kupirira, pulogalamuyo inaima kwa maola ambiri. Pavel Durov, mwini wa Telegram, analengeza kuti analandira anthu atsopano 25 miliyoni m'maola 72. WhatsApp inabwerera m'mbuyo n'kusuntha tsikulo kufika pa 15 May.

Apa ndi pamene mwambi wathu ukuluma kawiri, chifukwa ambiri amene anathawira ku Telegram anathawa chokongola china n'kukagwa pa chokongola chinzake. Telegram ili ndi mbiri yoti ndi ya chinsinsi, ndipo code ya pulogalamu yake ya pafoni ili poyera. Koma ya makompyuta ake akuluakulu ndi yobisika, ndipo macheza wamba ndi magulupu sakhomedwa kuchokera pafoni mpaka pafoni. Zimenezo zimachitika pokhapokha anthu awiri akasankha okha kutsegula macheza achinsinsi, zimene ochepa amachita. Pa nkhani ya kukhoma mauthenga, amene anachoka ku WhatsApp kupita ku gulupu ya Telegram anatsika, sanakwere. Anatengeka ndi dzina labwino, sanafunse za m'kati.

Umboni umene umandikhutiritsa pa Signal unachokera ku khoti, osati kwa otsatsa. Mu 2016 khoti la m'chigawo cha Virginia ku America linalamula eni a Signal kuti apereke zonse zimene anali nazo zokhudza manambala awiri a foni. Nambala imodzi yokha ndi imene inali ndi akaunti, ndipo zimene anatha kupereka zinali ziwiri: tsiku limene akauntiyo inatsegulidwa ndi tsiku limene inalumikizidwa komaliza. Sanakane kumvera khoti. Anangokhala opanda choti apereke, chifukwa pulogalamuyo anaimanga mwadala kuti isasunge mayina a anzako, magulupu ako kapena mauthenga ako. Mothandizidwa ndi bungwe lomenyera ufulu wa anthu la ACLU anamenyera ufulu woulutsa zikalata za mlanduwo, ndipo zinatuluka poyera mu October chaka chomwecho. Chimene sunasunge palibe angakulande, kaya ndi wapolisi, kaya ndi wakuba, kaya ndi kampani imene ingadzakugule mawa.

Wina angafunse, ndipo ndi funso labwino: kuika poyera kapangidwe ka loko si kuphunzitsa akuba? Akatswiri a zobisa mauthenga analiyankha kalekale. Mu 1883 Auguste Kerckhoffs analemba mfundo imene ikutsatidwabe mpaka pano, yoti njira yabwino yobisira uthenga iyenera kukhala yolimba ngakhale mdani atadziwa zonse za mmene imagwirira ntchito, bola asakhale ndi kiyi. Chitetezo chodalira kuti anthu sakudziwa kapangidwe kake chimatha tsiku limene wantchito mmodzi waulula. Komanso chobisika chimatha kubisa mwini wake weniweni. Kampani ya Crypto AG ya ku Switzerland inagulitsa makina obisira mauthenga ku maboma a mayiko oposa 120 kwa zaka zambiri. Mu February 2020 nyuzipepala ya Washington Post ndi wailesi ya kanema ya ZDF ya ku Germany zinaulula kuti kuyambira mu 1970 kampaniyo inali ya akazitape a CIA ndi anzawo a ku West Germany, ndipo makina ambiri anali ofooketsedwa dala kuti iwo aziwerenga. Maboma ankalipira ndalama zawo kuti azimvetseredwa. Mu June 2021 kunatulukanso nkhani ya Anom, mafoni amene magulu a zigawenga ankagula poganiza kuti ndi achinsinsi chenicheni, pamene ankayendetsedwa ndi FBI. Anthu oposa 800 anamangidwa. Sindikuwalirira ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, koma njira imene inawakola ingathe kukola aliyense wogula chitetezo chimene sangachifufuze.

Tsono ndisakometse mkuyu wanga kuposa mmene ulili. Kuika code poyera sikutanthauza kuti mulibe cholakwa. Mu April 2014 kunapezeka bowo lotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu ya open source imene inkateteza gawo lalikulu la intaneti, ndipo bowolo linali litakhalamo zaka ziwiri aliyense ali ndi ufulu wowerenga. Ufulu woona m'kati ndi wopanda ntchito ngati palibe amene akuonadi. Ndiponso ambirife, ine ndemwe, sitingawerenge code ngakhale atatiyalira patebulo. Ndiye kuti tikukhulupirirabe wina wake. Kusiyana kwake n'koti m'malo mokhulupirira wogulitsa yekha, tikudalira anthu ambiri osagwirizana, a m'mayunivesite a mayiko osiyanasiyana, atolankhani, ngakhale opikisana naye, omwe aliyense angatchuke atapeza cholakwa n'kuchiulula. Njira yokhomera ya Signal yafufuzidwa motero ndi akatswiri a kunja kwa bungwelo ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa. Heartbleed yomweyo inapezeka ndi kukonzedwa poyera. Chinsinsi cha Crypto AG chinakhala pafupifupi zaka 50.

Maboma amene amadziwa bwino za ukazitape aonetsa maganizo awo m'zochita. Mu 2020 European Commission inalangiza antchito ake kuti azigwiritsa ntchito Signal polankhula ndi anthu akunja. Boma la France linamanga pulogalamu yake yotchedwa Tchap pa Matrix, njira ya open source yomwenso Element imayendera. Asilikali a ku Switzerland anauzidwa mu 2022 kuti azigwiritsa ntchito Threema. Kumbali inayo, Iran ndi China anatseka Signal mu 2021, ndipo Russia inaitseka mu August 2024.

Nanga bwanji anthu sanasamuke onse? Chifukwa munthu sakhala pa pulogalamu yabwino koposa, amakhala pamene pali abale ake. Ambiri amene anaika Signal mu January 2021 anapezamo anzawo atatu kapena anayi, anatumizirana moni, kenako n'kubwerera kumene kunali amayi awo. Kwathu kuno nkhaniyi ndi yolemera kwambiri. Uthenga wa maliro umayenda pa WhatsApp. Gulupu ya mpingo, ya banki m'khonde, ya makolo a kusukulu, ya banja lonse kuphatikizapo amene ali ku Johannesburg ndi ku Leicester, zonse zili komweko. Wogulitsa kaunjika amaika katundu wake pa sitetasi. Pamwamba pa izo pali nkhani ya bandulo. Makampani a mafoni amagulitsa mabandulo otsika mtengo a WhatsApp ndi Facebook, pamene pulogalamu ngati Signal imadya bandulo ya intaneti wamba, yomwe ndi yodula. Mtsikana wa ku Ntcheu amene watsala ndi ndalama zochepa atagula ndiwo sasankha pakati pa mapulogalamu awiri poyerekeza chitetezo. Bandulo yamusankhira kale. Kumuuza kuti sasamala za chinsinsi chake ndi kumulakwira.

Palinso funso la amene amalipira. Pulogalamu yopanda zotsatsa imafunabe makompyuta, antchito ndi ndalama zotumizira manambala otsimikizira pa SMS. Mu November 2023 a Signal, omwe mtsogoleri wawo kuyambira mu 2022 ndi Meredith Whittaker, analengeza kuti pofika mu 2025 azifuna madola pafupifupi 50 miliyoni pachaka, ndipo ndalamazo zimachokera ku zopereka za anthu. Ndimalemekeza kuti ananena poyera. Zimandikumbutsa kuti mapulogalamu enawo amawononganso ndalama zochuluka kuposa pamenepo, ndipo ngati sitikuwapatsa ndalama ndiye kuti pali china chimene akutenga.

Mawu amene ndimawamva kawirikawiri ndi oti, "Ine ndilibe chobisa." Amene amatero nthawi zambiri ndi anthu abwino, ndipo amanena kuchokera pansi pa mtima. Koma chinsinsi si cha olakwa okha. Mnyamata amene wangolandira zotsatira za magazi ndipo akufuna kuuza mlongo wake yekha sanalakwe kanthu. Mayi amene akukonza zochoka pa banja la nkhanza, mwamuna wake akumusecha foni usiku uliwonse, sanalakwe kanthu, ndipo kwa iye uthenga wofufutika wokha pakapita mphindi zisanu ungakhale kusiyana kwa kugona mwamtendere ndi kumenyedwa. Kalaliki wa mu ofesi amene waona ndalama za mankhwala zikubedwa ndipo akufuna kuuza mtolankhani akuchitira zabwino tonsefe, koma ntchito yake ndi ana ake zili pa chiswe ngati zitadziwika kuti anaimbirana ndi ndani. Anthu amenewa amatetezeka bwino ngati pulogalamu yachinsinsi ili ndi anthu ambiri wamba. Ikakhala ya atolankhani ndi andale okha, kungopezeka nayo pafoni kumakhala kale mlandu. Choncho amene alibe chobisa akaiika n'kumatumizirapo moni ndi zithunzi za ukwati, amakhala akuphimba mnzake amene ali nacho. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Komabe nyerere yaikulu nthawi zambiri sikhala mu code. Mu March 2025 akuluakulu a chitetezo a boma la America anatsegula gulupu pa Signal yokambirana zophulitsa mabomba kwa a Houthi ku Yemen. Mike Waltz, amene pa nthawiyo anali mlangizi wa pulezidenti pa za chitetezo, analowetsamo molakwitsa Jeffrey Goldberg, mkonzi wa magazini ya The Atlantic, amene anawerenga za nthawi ndi zida za chiwembucho mabomba asanagwe pa 15 March. Signal sinathyoledwe. Inachita ndendende zimene inauzidwa: kufikitsa uthenga mobisika kwa aliyense amene anali m'gulupumo. Kwathu tikukumbukira February 2016, pamene a Jessie Kabwila, a Peter Chakhwantha ndi a Ulemu Msungama a chipani cha MCP anamangidwa chifukwa cha zokambirana za pa WhatsApp, ndipo kuchokera pamenepo anthu ena amangidwapo pa zimene analemba m'magulupu. Gulupu ya anthu 200 ilibe chinsinsi, kaya ili pa pulogalamu iti. Munthu mmodzi akajambula sikirini n'kutumiza kwina, loko wolimba chotani sathandiza. Chimodzimodzinso foni ikalowedwa ndi pulogalamu ya ukazitape ngati Pegasus ya kampani ya NSO Group, yomwe mu 2019 inalowa m'mafoni pafupifupi 1,400 kudzera pa kuimbirana kwa WhatsApp: wolowayo amawerenga uthenga pamodzi ndi mwini foni, utatsegulidwa kale.

N'chifukwa chake kusuzumira m'kati si ntchito ya akatswiri okha. Pali gawo limene aliyense angachite ndi maso ake. Musanalembe za mumtima m'gulupu, tsegulani mndandanda wa anthu ake muwerenge dzina lililonse, ndipo nambala yosadziwika mufunse kuti ndi ya ndani. Mu Signal mulinso kanthu kena kochepa kamene ndimakakonda. Mukakumana ndi mnzanu maso ndi maso, aliyense amatsegula macheza anu awiri, kudina pa dzina la mnzake, n'kupeza nambala yachitetezo ya madijiti 60 yolembedwa m'timagulu ta asanuasanu, pamwamba pake pali kachizindikiro ka QR. Wina amaloza kamera pafoni ya mnzake, ndipo zikagwirizana pamatuluka chizindikiro chotsimikiza kuti pakati panu palibe wachitatu. Sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe. Mnzanuyo akadzasintha foni, pulogalamuyo imakudziwitsani kuti nambala ija yasintha, ndipo ndi nzeru kumufunsa kaye musanapitirize nkhani yolemera. Kuyambira mu 2024 munthu angathenso kupereka dzina lodzisankhira m'malo mwa nambala yake ya foni, chinthu chofunika m'mayiko amene simu khadi iliyonse inalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, monga zilili kwathu kuyambira mu 2018.

Sindikuyembekeza kuti gulupu ya maliro isamuka, ndipo sindikuona chifukwa choikakamizira. Amene ndikufuna ayambe ndi amene amasunga zinsinsi za anthu ena: anamwino ndi madokotala amene amatumizirana zithunzi za odwala, maloya, atolankhani, alangizi a mabanja m'mipingo, ogwira ntchito ndi amayi ochitiridwa nkhanza. Iwowa alibe ufulu wonena kuti alibe chobisa, chifukwa zimene anyamulazo si zawo. Ndikufunanso kuona makampani a mafoni akuika mapulogalamu ngati Signal m'mabandulo awo otsika mtengo, ndipo bungwe la MACRA lingathe kuwafunsa chifukwa chake sakutero. Ndipo popeza code ya mapulogalamuwa ili pa intaneti kwaulere, ophunzira za makompyuta ku Zomba, ku Blantyre, ku Thyolo ndi ku Mzuzu angathe kuikopera lero lomwe, mphunzitsi n'kuwapatsa gawo limodzi kuti aliwerenge mzere ndi mzere mpaka kumapeto kwa teremu, kenako adzatiuze pa wailesi m'Chichewa zimene apezamo.